Ulemu kwa a Mgolo, Mlonda wa pa Chipata

Pakati pa akuluakulu onse amene dziko lino lawaveka ulemu, kuyambira mafumu a ndodo kufikira nduna zoyenda ndi mbendera patsogolo pa galimoto, palibe ndi mmodzi yemwe amene lamulo lake limvedwa msanga, popanda wotsutsa kapena wokadandaula kubwalo, monga a Mgolo, aja aimikidwa pa chipata cha malo oimikapo magalimoto pamene msewu wa kumalo opumulirako anthu uli kukonzedwa. Ndipo popeza alembi anzanga atha inki potamanda anthu odziwa kudzitamanda okha, ine ndayesa nkoyenera kunenerako mkulu ameneyu, amene chibadwire sanatsegulepo pakamwa.

Chiyambi chawo nchonyozeka. Anadza kuno atasenza phula, malita ngati 200, kudzera kumadoko a eni ake, pakuti ife phula sitipanga. Ndipo atakhuthulidwa, abale awo anamwazikana, ena kukasunga madzi pakhonde, ena kukatcheza kachasu kudambo. Koma iwowa anapakidwa utoto wofiira ndi woyera, nathiridwa miyala m'mimba kuti mphepo ingawagwetse, namangidwa kansalu kapulasitiki m'chiuno, nalongedwa ufumu tsiku lomwelo popanda nthungululu.

Taonani chilungamo chawo. Akerubi aja anaikidwa kulondera munda wa Edeni anafunika lupanga lamoto; a Mgolo alondera munda wa boma chimanjamanja, osayang'ana nkhope, osalandira ya fanta. Afika bwana ndi galimoto lalikulu la magalasi akuda, aliza hutala, atsitsa galasi, afunsa ngati akudziwika kuti iwo ndani. A Mgolo ali duu. Potsiriza bwana abwerera chambuyo, akaimika kutali m'mbali mwa ngalande, nayamba ulendo wa pansi atasenza mphasa ndi dengu la zakudya, thukuta lili kamukamu, ana akuseka pambuyo. Motero chimene adokotala akhala akuwapempha zaka zambiri chifukwa cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi chichitika masana amodzi, kwaulere. Loweruka afika akwati kudzajambulitsa pa maluwa, ndipo mkwatibwi, amene anatsika pakhomo la tchalitchi osaponda dothi, awoloka dzenje la mapaipi pa thabwa limodzi logwedezeka, ankhoswe atagwira mkono, aperekezi atakweza velo, nsapato zazitali zili m'manja. Kodi pali phungu wa chilangizo amene angaphunzitse banja latsopano kugwirana manja koposa apa?

Ndiponso ngopatsa. Anyamata amene dzulo analibe chochita lero ali ndi udindo, akuthamangira galimoto lililonse nati, "Imikani apa, bwana, tikuonerani". Wootcha chimanga wasamutsira mbaula yake pomwe aimika magalimotowo. Wakabaza, amene kale ankathamangitsidwa ndi hutala, adutsa pakati pa migolo mutu uli m'mwamba, nanyamula bwana yemwe uja pobwerera.

Anthu a ku Lilongwe ndiwo mboni zanga. Kuyambira mu 2021, pamene msewu wa Kenyatta, wodutsa m'mphepete mwa nkhalango ya Lingadzi pakati pa City Centre ndi Old Town, unayamba kukuzidwa kuti magalimoto aziyenda m'mizere isanu ndi umodzi, iwo anaphunzira njira zolambalala zimene ngakhale obadwira momwemo sanazidziwe, nadziwa kukoma kwa fumbi la chigawo chilichonse cha mzinda wawo. Sukulu yotere, kunena zoona, inakwera mtengo, pakuti mitengo yambiri ya mthunzi inagwa. Koma amene walira mvula walira matope, ndipo ife tinalira misewu mokweza ndithu.

Choposa zonse ndicho kukhulupirika. Chikwangwani chinena kuti malowo atsekedwa kwa kanthawi kochepa, ndipo ena osaleza mtima awerenga masiku. Koma mvula ikagwa mu Novembala, makina okumba nakasonkhanitsidwa pamodzi, mayi wa mbendera yofiira napita kukadzala chimanga, a Mgolo okha ndiwo atsala pantchito, udzu ukumera mowazungulira, achule akuswana pamutu pawo, osapempha tchuthi kapena ndalama yogonera kunja. Ife tipereka msonkho wa misewu pa lita iliyonse ya mafuta, tilipiranso pa zipata za Chingeni ndi Kalinyeke, koma sindinamvepo kuti iwo anatapako tambala.

Chifukwa chake ndipempha akuluakulu okonza mwambo kuti tsiku lotsegulira msewu, pamene riboni idulidwa ndipo maina a olemekezeka atchulidwa mmodzimmodzi, a Mgolo asagubuduzidwire kuseri kwa tenti monga mwa masiku onse, koma apatsidwe mpando wa kutsogolo ndi botolo la madzi, kufikira lole itadza kudzawatengera ku chipata china, kumene maenje a dzinja latha akhala akuwadikira.