Ine ndi envulopu yanga yakhaki

Fotokope yakweranso mtengo. Wandiuza ndi mtsikana wa pa kasitolo kamene ndimapangitsa mapepala, osandiyang'ana n'komwe kumaso, akuti inki yadula. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense ali ndi kanthu kake kamene kadula, wotsika mtengo ndatsala ine ndekha. Koma chondiwawa si mtengowo ayi. Mapepala amene ndikupangitsawo anatuluka mu ofesi ina yake, chidindo chake ndi cha ofesi yomweyo, ndipo amene akuwafuna ndi ofesi yomweyonso, khomo loyandikana ndi pamene anadindidwa.

Choncho ndili ndi envulopu yakhaki. Inayamba ndi pepala limodzi, lero ndimaimanga ndi mphira wa chubu cha njinga. M'minibasi kondakitala amaiyang'anitsitsa, kusinkhasinkha ngati nayonso ilipire mpando. Mayi akunyumba amati mvula ikayamba ndimabisa kaye envulopu m'malaya, za mutu ndimakumbukira pambuyo. Anthu ena kutchalitchi amandiyesa loya, ndipo ine sindinawatsutsepo.

Mphwanga, mwana wa mchemwali wanga, amaphunzira zamakompyuta ndipo ali kwathu patchuthi. Anandipeza ndayala mapepala pamphasa ndikuwasanja.

"Amalume, mukanakhala pulogalamu ya m'laputopu yangayi bwenzi atakuchotsani kalekale."

"Iwe, ukudya nsima ya yani?"

Anaseka, n'kukhala pansi kundilongosolera, ine ndikupitiriza kunyambita chala n'kumatsegula mapepala. Akuti m'kompyuta ya Linux, pulogalamu siloledwa kungodzilembera pa sikirini mmene ikufunira. Pali bwana mmodzi woyang'anira sikirini, mbewa ndi kiyibodi, amene amamutcha display server, ndipo m'dongosolo la Wayland amati compositor. Mapulogalamu onse, kaya ndi Firefox kaya kowerengetsera masamu, ndi anthu wamba obwera ndi mapempho. Apa ndinasiya mapepala, chifukwa nkhani ya anthu wamba ndi mapempho ndine katswiri wake.

Khomo la bwanayo ndi soketi, kawirikawiri dzina lake wayland-0. Pempho lililonse limayamba ndi mabayiti 8 okha. Anayi oyamba amanena nambala ya chinthu chimene ukukamba, anayi enawo amanena kutalika kwa uthengawo ndi chimene ukufuna chichitike. Basi. Palibe "Wokondedwa Bwana", palibe "ine wanu wodzichepetsa", palibe kalata ya amfumu yochitira umboni kuti Firefox ndi mwana wa m'mudzi mwawo.

"Nanga envulopu amanyamulira pati?" ndinafunsa.

"Ndiye nkhani yake imeneyo, amalume. Sanyamula."

Anandiwerengetsera. Sikirini ya madontho 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi, dontho lililonse mabayiti 4, chithunzi chimodzi chimakwana mabayiti 8,294,400. Chikamasintha ka 60 pa sekondi, ndiye pafupifupi mamegabayiti 500 sekondi iliyonse. Katundu wotere kumudutsitsa pakhomo lija, ngakhale mphira wa chubu cha thirakitala sungamange. Ndiye pulogalamu imatsegula malo m'memore, n'kujambula chithunzi chake mmenemo, kenako bwana imangomupatsira chogwirira cha malowo, chimene amati file descriptor.

Chinthuchi ndi nambala chabe. Pulogalamu ikatsegula fayilo, kernel, mwini mudzi wa kompyuta yonse, amaipatsa nambala. 0, 1 ndi 2 zimakhala ndi eni ake kale, zolowetsera, zotulutsira ndi zodandaulira zolakwika. Taonani, madandaulo ali ndi njira yakeyake kuyambira pa kubadwa! Tsono pulogalamu ikafuna kuti bwana aone fayilo yake, imatumiza uthenga kudzera mu sendmsg, n'kumatirapo kachizindikiro kotchedwa SCM_RIGHTS. Kernel akaona zimenezo amatsegulira bwanayo fayilo yomweyo, n'kumupatsa nambala yakeyake. Imene kwa iwe ndi 7, kwa bwana ikhoza kukhala 23, koma fayilo ndi imodzi. Onse awiri akuyang'ana pepala lomwelo. Palibe wapita kukasitolo, palibe wamva za inki.

Ndinayang'ana envulopu yanga. Nayo inandiyang'ana.

Chimene chinanditsiriza ndi pempho lina lotchedwa damage. Pulogalamu ikasintha kachilembo kamodzi pakona, imauza bwana kuti chasintha ndi kachigawo aka, kuyambira apa kulekeza apa, kenako n'kunena commit, kutanthauza kuti ndamaliza, onetsani. Ine nditasintha nambala ya foni, anandiuza kuti ndibwere ndi zonse kuyambiranso pa chiphaso cha kubadwa, ngati kuti posintha simu khadi ndinabadwanso mwatsopano. Tsiku limenelo envulopu inanenepa ndi mapepala okwana kukulungira zitumbuwa za msika wonse.

Pofuna kuteteza mbiri ya anthu, ndinamufunsa ngati mapempho a m'kompyutawo sagonera m'thireyi. Anavomera kuti thireyi iliko. Laibulale ya libwayland imasonkhanitsa kaye mapempho pamalo amodzi, ndipo amanyamuka akauzidwa kuti flush. Wolemba pulogalamu akaiwala zimenezo, amakhala duu kudikira yankho la kalata imene ikadali m'thumba mwake. Ndinasangalala kwambiri kumva kuti kumenekonso kuli abale athu. Akutinso laibulaleyo imanyamula zogwirira zosapitirira 28 pa ulendo umodzi, pamene kernel amalola mpaka 253. Ngakhale kumeneko kuli malire a okwera, kusiyana kwake n'kwakuti amawatsatira ngakhale pamsewu palibe apolisi.

Koma thireyi yawo ili ndi khalidwe. Mapempho amaonedwa mmene anafikira, woyamba ndi woyamba. Ukafuna kudziwa ngati bwana wafika pa ako, umatumiza kapempho kotchedwa sync, ndipo akayankha kuti done umadziwa kuti onse amene unatumiza m'mbuyomo awaona. Palibe amene amalowera kukhomo lakuseri chifukwa ndi mlamu wa auje, ndipo palibe envulopu ina ija, yopyapyala, imene imayenda mofulumira kuposa yangayi ngakhale ilibe pepala lodindidwa ndi limodzi lomwe.

Pa nkhani ya zogwirira ija, bwanayonso amachita chimodzimodzi. Akafuna kuuza pulogalamu kuti batani ili ndi chilembo chakuti, satumiza buku lonse pakhomo, amapereka chogwirira cha fayilo. Ukakopera mawu mu pulogalamu ina kuti uwamate mu ina, wolandirayo amapereka kukamwa kwa paipi, bwana n'kupatsira mwini mawuwo, iye n'kuthira, winayo n'kutunga. Bwana sawerenga, sasunga kope, sanena kuti bwerani Lolemba.

Zonsezi sizinagwe kumwamba. Dongosolo lakale, X, linayambira ku MIT mu 1984, ndipo mtundu wake wa X11 unatuluka mu 1987. Wayland anayambitsa ndi Kristian Høgsberg mu 2008, dzinalo analitenga ku tauni ina ya ku Massachusetts. Mtundu wa 1.0 unatuluka mu 2012, a Linux ya Fedora anakhazika Wayland patsogolo mu 2016, a Linux ya Ubuntu anayesa mu 2017, n'kubwerera m'mbuyo, n'kudzakhazikika nawo mu 2021. Zaka 13! Ndinapukusa mutu ndi chisoni chachiphamaso, mumtima ndikuti nawonso amadziwa kukhala pabenchi.

Pabenchi pamenepo ndi pamene nthabwala zimandithera. Pambali panga pamakhala agogo ochokera kutali, mapepala awo ali m'jumbo ya shuga, atadzuka tambala woyamba, ndalama ya thiransipoti atabwereka. Akafika pazenera amauzidwa kuti pakusowa kope imodzi ya pepala limene lili m'kabati ya chipinda chinacho. Wogwira ntchito wapulumutsa mapazi ake khumi, agogo alipira ndi ulendo wonse ndi mbuzi ya mawa. Makompyuta m'maofesimo alimo, ena ovundikiridwa bwinobwino ndi nsalu. Chosowa ndi munthu woti alamule kuti chimene ofesi ili nacho kale, ofesi idzipatsire yokha. Anthu amene analemba Wayland anakhala pansi n'kufunsa kuti katunduyu asenze ndani, ndipo anapeza njira yoti asasenze aliyense. Kwathu funsolo linayankhidwa kalekale, amasenza wosauka, ndipo palibe amene amachita nazo manyazi.

Mphwanga ataona kuti nkhope yasintha anati andisangalatse. Akuti bwana wa m'kompyutayo alibe chifundo: ukatumiza pempho losalongosoka amakudula pomwepo, pulogalamu n'kufa. Koma asanakudule amakuuza chinthu chimene walakwitsa, nambala ya mlandu ndi chifukwa chake m'mawu. Kuthamangitsidwa kouzidwa chifukwa! Ine ndikanakuika mu fulemu pabalaza.

Nzeru ikakoma umayesa pakhomo. Madzulo mayi akunyumba atapempha ndalama ya ndiwo, ndinang'amba kapepala, n'kulembapo 7, n'kuwapatsira ndi manja awiri. Ndinawafotokozera kuti masiku ano anthu ozindikira sanyamula ndalama kuchoka m'thumba lina kupita m'thumba lina, amangopatsana chogwirira.

Anayang'ana kapepalako, anayang'ana ine.

"Amalume," mphwanga ananong'ona, "nambala yokhayokha sigwira ntchito. Imayenera kudutsa mwa kernel, ndipo kuseri kwake kukhale fayilo yeniyeni."

"Kernel wa nyumba ino ndani?"

"Azakhali."

Nsima inabwera nthawi yake, yotentha bwino, pambali pake mbale yovundikira. Nditavundukula ndinapeza kapepala kanga kaja, kuseri atalembako dzina langa lonse, nambala ya mlandu ndi chifukwa chake. Mphwanga anadyera kukhitchini, ndipo fungo lochokera kumeneko linali la usipa wothira tomato.