Chitamando cha Mfumu Draya, Wakumwa Chinyontho

Ambiri anatamanda injini, ndipo matayala nawo sasowa owaimbira nthungululu. Koma ine, poona kuti dziko lapansi lilemekeza zaphokoso ndi kupeputsa zofatsa, ndati ndiimirire pabwalo lero kunenera kabotolo kachitsulo kamene amakanika amakatcha draya, kokhala pafupi ndi kondensa ya eyakoni kumaso kwa pikapu, pamalo pamene dzanja la munthu silifika popanda kusupuka.

Kuno ku Angonia, kumene mphepo yochokera kuphiri la Domwe ilowa m'mafupa mwezi wa Juni, mfumu imeneyi ilamulira mwamtendere, pakuti palibe woikumbukira. Mwini Hilux wa ku Ulongwe atuta mbatatesi, nyemba ndi chimanga nyengo yonse yachisanu osakhudza batani la eyakoni. Koma likafika tsiku la mu Okutobala lakuti atsikire ku Tete, atapitirira Mussacama nayandikira Moatize, kumene fumbi la malasha liletsa munthu kutsegula zenera, ndi kutentha kwa chigwa cha Zambezi kuposa madigiri 40, pamenepo adina batani lija ndi chikhulupiriro chonse. Ndipo taonani, mphepo yozizira ituluka kamphindi, nileka, nibweranso, nilekanso. Wonyozedwa uja wayamba kuweruza mlandu.

Taganizani ntchito imene anaigwira m'chinsinsi zaka zonsezo. Gasi wa R134a, amene analowa m'malo mwa R12 pambuyo pa pangano la ku Montreal la 1987, akapanikizidwa ndi kompuresa nataya kutentha kwake mu kondensa, asanduka wamadzimadzi nagwada pakhomo pa Draya, amene amsunga, namsefa tizinyenyeswa tachitsulo, nam'mwera chinyontho chonse ndi timikanda touma tokhala m'mimba mwake. Dontho limodzi likapulumuka, likafika pa kavalavu kopapatiza kumene gasi afutukuka ndi kuzizira koopsa, lisanduka ayisi nkutseka njira. Likasungunuka njira itseguka, ndipo ndicho chifukwa chake mphepo ija ichita njomba ndi dalaivala. Choipa koposa, madzi omwewo akasakanikirana ndi gasi ndi mafuta abala asidi wodya mapaipi ndi kompuresa, chuma chimene alimi a fodya sachitchula popanda kuusa moyo.

Nanga ndani wina mwa akuluakulu athu anamwa kufikira kukhuta, osaimba, osadzandira, osatukwana munthu? Draya akakhuta sachita mwano, sayatsa nyali pa dashibodi. Amwalira ali chiimire, ndipo maliro ake amveka patapita miyezi. Kunena zoona, ulemu wotere uli ndi kankhanza kake, koma sitinabwere kudzamneneza.

Sachapidwa, sakonzedwa, samuumika padzuwa ngati ufa. Afuna wolowa m'malo basi, ndipo nthawi iliyonse imene mapaipi atsegulidwa, kaya chifukwa cha paipi yothetheka pa msewu wamabampu wa ku Tsangano, kaya mwala woboola kondensa, iye alandira msonkho wake. Mwini galimoto adandaula kuti, "Amisiri, ingothirani gasi, zinazo tidzaona tikagulitsa mbatatesi." Mmisiri woopa Mulungu apukusa mutu nati, "Bambo, walira mvula walira matope." Ndipo kawirikawiri mfumu yatsopanoyo iyenera kuitanidwa kuchokera ku Tete, kapena kuolokera chipata cha Dedza kuchokera ku Lilongwe, pikapu ili chigonere.

Mwambo wa kulonga ufumu wake suchepa. Gasi wakale achotsedwa ndi makina, osamtayira kuthambo. Wolowa ufumuyo afika atatsekedwa pakamwa ponse pawiri ndi zivindikiro, zimene sizichotsedwa kufikira mphindi yomaliza, pakuti akangosiyidwa poyera m'nkhungu yathu yam'mawa ayamba kumwa asanakhale pampando, nakhuta ntchito asanaiyambe. Timphete tatsopano tamphira tidzozedwa mafuta a kompuresa; mbali yolowera iyang'anitsidwa ku kondensa monga chizindikiro chake chinena, popeza womangidwa chafutambuyo satumikira munthu. Atatero mmisiri alumikiza pampu yokoka mpweya, imene iguguda theka la ora kapena kuposerapo, kufikira chinyontho chotsala chisanduke nthunzi nkutuluka. Mmisiri ayang'anitsitsa singano ya geji kuti aone ngati ibwerera, ndipo mwini galimoto, amene wayang'ana wotchi kosaleka, aphunzira kuti kuona maso a nkhono nkudekha. Pomaliza gasi alowa moyezedwa pa sikelo, magalamu olembedwa pa kapepala ka pansi pa boneti, osati monga mwa kuyerekeza kwa chikhatho chogwira paipi.

Pa mapikapu ambiri a masiku ano, opanga anaona kuti mfumu yotere siyenera kuonedwa ndi maso a anthu wamba, nailowetsa m'kachubu kam'mbali mwa kondensa mwenimwenimo. Mwa ena kathumba ka timikanda kamasololoka ukamasula chotsekera. Mwa ena sikatuluka konse, kotero kuti wofuna kusintha Draya agula ndi nyumba yake yomwe.