Njira Yachidule Yothawitsira Anthu ndi Magalasi a Kamera

Mukagula magalasi okhala ndi kamera, monga a Ray-Ban Meta omwe anatuluka mu 2023 pa mtengo wa madola 299, musayerekeze kuuza munthu kuti mukumujambula. Zimenezo n'za eni mafoni, amene amakweza dzanja mpaka aliyense n'kuona. Inu mwalipira kuti manja akhale m'thumba.

Wina akadandaula, mulozereni kagetsi kamene kali pakona pa magalasiwo. Kamayaka mukamajambula, ndiye kuti chilolezo mwapempha kale. Zoti dzuwa likamaswa mtengo kagetsiko sikaoneka bwino, umenewo ndi mlandu wa dzuwa. Mu 2021, magalasi a Ray-Ban Stories atangotuluka, mabungwe oteteza zinsinsi za anthu ku Ireland ndi ku Italy anafunsa Facebook ngati kagetsi kakang'ono chonchi kangachenjeze munthu. Amenewo ndi anthu a m'maofesi, asiyeni. N'zoona kuti magalasi atsopano amakana kujambula mukatseka kagetsiko, koma musataye mtima: pa intaneti pali ogulitsa timapepala tomata pamenepo, ndipo wokugwirani nato sadzakukhulupiriraninso mpaka kalekale.

Osavula paliponse. Kuchipatala, m'chipinda chosinthira zovala ku jimu, kuchimbudzi cha anthu onse, lowani nawo basi, kenaka muziyang'anitsitsa munthu osaphethira. Tengerani phunziro kwa ovala Google Glass, amene mu 2013 ankatulutsa madola 1,500. Bala ina ya ku Seattle, 5 Point Cafe, inaletsa magalasiwo anthu ambiri asanawaone n'komwe, ndipo mu Januwale 2015 Google inasiya kuwagulitsa kwa anthu wamba. Kudanitsa chinthu msanga chotere si masewera, pamafunika khama.

Mukafika pokhwima, tchulani ophunzira awiri a ku Harvard amene mu 2024 analumikiza magalasi a Meta ndi PimEyes, pulogalamu yofufuza nkhope pa intaneti, n'kumapeza dzina ndi kokhala kwa anthu osawadziwa. Iwo ankafuna kuchenjeza anthu. Inu nkhaniyi muiyambe m'basi, mutatembenukira mtsikana amene mwakhala naye mpando umodzi.

Akakufunsani kuti, “Kodi mukujambula?” musayankhe kuti inde kapena ayi. Ingomwetulirani, munene kuti wopanda chobisa saopa kamera.

Mukaona kuti anzanu ayamba kudula nkhani mukangotulukira, dziwani kuti zikuyenda. Tchajani batire usiku uno, mawa mukavale kwa apongozi.