Womasulira Wodzisankha Yekha

(Phokoso la mafunde. Wina akumenya chitseko cha malata.)

CHIRWA: NyaManda! Tulukani! Mlandu wa usipa wanga auimitsanso chifukwa cha mwana wa mchimwene wanu uja!

NYAMANDA: Ada Chirwa, chitsekocho sichinakubereni kanthu. Auimitsa chifukwa kulibe womasulira chinenero chamanja.

CHIRWA: Womasulira anali pomwepo! Chizungu amachitembenuza kukhala Chitonga bwinobwino.

NYAMANDA: Ndiye mwana wosamva, Chitongacho achimvera kuti? M'chigongono?

CHIRWA: Ine ndinadzipereka kumasulira ulele. Majisitireti anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi.

NYAMANDA: Wodandaula inu, womasuliranso inu! Bwanji osangovalanso mkanjo n'kugamula?

CHIRWA: Mnyamatayo ndimamumva ine. Nditamufunsa kuti "unaba?", anagwedeza mutu. Kuvomeratu kumeneko!

NYAMANDA: Amagwedezanso mutu mukamupatsa moni. Dzana anagwedezera tambala wanu.

CHIRWA: Komatu manja ndimatha. Taonani! Iyi ndi nsomba, uku ndi kuthawa...

NYAMANDA: Omvera kunyumbako, a Chirwa pano akungokupiza manja ngati akupirikitsa nkhungu za panyanja. Ada, chinenero chamanja ndi chinenero chenicheni, chili ndi malamulo ake. Mwanayu anachiphunzira kusukulu ya osamva ku Bandawe. Ngakhale ine azakhali ake ndimangodziwa "nsima" ndi "bwera kuno".

CHIRWA: Basi amulembere papepala!

NYAMANDA: Chizungu cha kukhoti chija? Inuyo atati "adjourned" munaimirira n'kuwomba m'manja, mumayesa mwawina.

CHIRWA: (akutsokomola) Ndinkawongola miyendo.

NYAMANDA: Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woimbidwa mlandu azengedwe m'chinenero chimene amamva, apo ayi amumasulire, ndipo lolipira ndi boma. Omasulira ophunzira bwino ndi ochepa, n'chifukwa chake a bungwe la osamva la MANAD sasiya kudandaula. Koma kuchepako sikupatsa mnansi wokwiya chilolezo choyankhulira mwana wa eni.

CHIRWA: Nanga uja wa pakona pa nkhani za MBC? Abwere ameneyo!

NYAMANDA: Eya, mukamutulutse mu kanemamo, mumukweze Ilala.

CHIRWA: Ndiye usipa wanga, ndowa yathunthu, ungopita choncho?

NYAMANDA: Womasulira akabwera mudzamva zonse. Mwanayu wakhala akuloza kunyumba kwanu, n'kumayerekeza munthu wosenza ndowa, mwana kumbuyo, ulendo wa kumsika.

CHIRWA: Mwana kumbuyo? (chete) Amayi akunyumba anagula chitenje chatsopano sabata imene ija...

NYAMANDA: Apo ndiye mwamasulira bwino.

CHIRWA: NyaManda, kodi mlandu amakauchotsa pawindo liti?