Ulemu kwa Gogo Wopindika Msana wa ku Cheshire

Tiyeni tiivulire chipewa Little Moreton Hall, nyumba yamitengo yapafupi ndi Congleton ku England, imene kwa zaka zoposa 400 yakhala ikuopseza kuti igwa mawa, koma mawalo silifika.

A banja la Moreton, eni minda olemera a ku Cheshire, anayamba kuimanga cha m'ma 1504. Nsanamira ndi mitanda yake ndi ya mitengo ya oak yolumikizidwa ndi zikhomo, ndipo m'mipata analukamo timitengo n'kuphoma dothi. Eetu, kuphoma komwe kuja ena kwathu kuno amachita nako manyazi. Kumeneko anthu amalipira pachipata kuti akaone.

Nzeru zakuya zinadza pambuyo pake. Eni nyumba ataona kuti anzawo olemera ali ndi zipinda zazitali zoyendamo mvula ikamagwa, nawonso anasanja chawo pamwamba penipeni, chotalika mamita 21, n'kuchifolera ndi miyala yolemera. Zakuti pansipo pangapirire bwanji anasiyira Mulungu. Makoma anaphotchoka, mitanda inawerama, ndipo pansi pa chipindacho panachita mafunde, moti munthu amadzandira ngati wochokera kumowa asanalawe ndi dontho lomwe. Ndi nyumba iti yasimenti ingakupatseni chisangalalo chotere? Amisiri a m'zaka za m'ma 1800 anachita kuimanga m'chiuno nyumba ya a Moretonyi ndi zitsulo kuti isaphwasuke.

Pa zaukhondo, gogoyu sanavutitse munthu ndi mapaipi. Zimbudzi zake zinkatayira molunjika m'ngalande yamadzi yozungulira nyumbayo, ngalande imene anakumba kuti odutsa adziwe kuti muno mumakhala anthu aulemu wawo.

Koma mpulumutsi weniweni wa nyumbayi ndi umphawi, ndipo uyenera kuwomberedwa m'manja. Pa nkhondo yapachiweniweni ya m'ma 1640, a Moreton anali kumbali ya mfumu imene inagonja, chuma n'kuwathawa. Nyumba anaibwereketsa kwa alimi a lendi kwa zaka zoposa 200, ndipo kachalichi kake kanasanduka mosungira malasha. Panalibe wandalama zoti aigwetse n'kumanga yamakono, choncho kupindika konse kunasungika bwinobwino.

Kuyambira 1938 ili m'manja mwa bungwe la National Trust, limene limalemba akatswiri ophunzira kwambiri kuti aziyang'anira kuti nyumbayi isagwe, komanso isawongoke.