Babele wa kwa osindikiza

Iye amene anachezera usiku wonse kukongoletsa khadi la ukwati pa kompyuta, nalinyamula pa fulashi kunka nalo kwa osindikiza, nauzidwa m'mawa kuti fayiloyo siikutseguka, wazindikira ndithu kuti chisokonezo cha pa Babele sichinathe. Pakuti CorelDRAW wakale samva chinenero cha CorelDRAW watsopano, angakhale ali a mbumba imodzi. Ndipo chithunzi cha pa iPhone, chimene chiyambire 2017 chimasungidwa monga HEIC, makina ena amachikana ngati chinthu chodetsedwa.

Fayiloyo ikatseguka nayo, tsoka likadalipo. Zilembo zokongola zija, popeza osindikiza alibe, zimalowedwa m'malo ndi zina zachilendo, ndipo ŵ wa m'dzina la mkwatibwi amasanduka kabokosi, kotero kuti akuchikazi, amene sadziwa za makinawa, amayesa chipongwe chadala. Kufiira kumene kunawala pa sikirini mwa RGB kumatuluka kofooka mwa CMYK. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Tsono inu aluso, musanakwere minibasi, yambani mwafunsa osindikiza pulogalamu imene ali nayo, sandutsani zilembo zonse zikhale ma curves, ndipo ntchitoyo muisunge monga PDF.