Nanga Anachira Ndani?

Wezi wabwera ku holide kuchokera ku Zomba, komwe akuphunzira zoimbaimba pa Yunivesite ya Malawi. Agogo ake aakazi, a NyaSoko, ali pakhonde kuseri kwa msika wa pa Mzimba Boma, akusankha nyemba m'lichero. Chichewa chawo anachitola m'maesiteti a fodya ku Kasungu, ndipo amachitulutsa akafuna kuti mwana wa m'tauni asanamizire kuti sanamve.

AGOGO: Amuna anga afika! Chikwama chotupachi ndi shuga?

WEZI: Ndi mabuku a nyimbo, agogo.

AGOGO: Nyimbo zimakhala pakhosi. M'chikwama zalowamo liti?

WEZI: Ife timazilemba. Taonani apa.

AGOGO: Ndikuona mizere isanu ndi timbululu tapachikika pa waya. Timalira usiku?

WEZI: Agogo, amenewa ndi manotsi. Kumene kuja sitisankha nyimbo. Timaphunzira piyano, kwaya ya mawu anayi, jazi, kwela ya a Kachamba a ku Chileka, bangwe, kaligo, malimba, beni, malipenga. Ngakhale za Beethoven, yemwe anatulutsa nyimbo yake yaikulu mu 1824 ali wogontha.

AGOGO: Wogontha? Ndiye bambo ako akugulitsa ng'ombe kuti uziphunzira nyimbo zimene mwini wake sanazimve? Malemu agogo ako anabwerako ku migodi ya ku Joni makutu atatseka, ankaimba m'bafa mpaka agalu kuthawa, koma palibe anabwera kudzawalemba m'buku.

WEZI: Zimenezo n'zosiyana. Mukanaona konsati yathu mu Great Hall! Tinayamba ndi Aleluya ya Handel, anthu onse anaimirira. Pomaliza tinavina vimbuza.

AGOGO: (Aika lichero pansi.) Vimbuza? Mayo ine. Anadwala ndani?

WEZI: Palibe anadwala.

AGOGO: Usandibisire. Ndi iwe? Tabwera pafupi ndikuone maso. Ndinanena ine kuti mwanayu waonda.

WEZI: Ndili bwinobwino. Ndinavina ndi ine, inde, koma anali mayeso.

AGOGO: Eya, matenda ndi mayeso, abusa amatero. Nchimi yake inachokera kuti? Ku Rumphi?

WEZI: Kunalibe nchimi. Kunali aphunzitsi, a dokotala a zoimbaimba.

AGOGO: Basi, dokotala analipo. Ndiye ukukaniranji kuti unadwala? Anakupatsa mankhwala anji?

WEZI: Anandipatsa 62.

AGOGO: Mapiritsi 62! Pa tsiku angati?

WEZI: Malikisi, agogo. 62 pa 100.

AGOGO: Ndiye kuti unachira theka ndi pang'ono. Kotsalako wabwera nako kunyumba kwanga kuno? Ugona kukhitchini.

WEZI: Tandimverani. Panalibe wodwala, panalibe mzimu. Tinavala mangenjeza, anyamata atatu pa ng'oma, atsikana akuomba m'manja, mphindi khumi basi, chifukwa a jazi amadikira kuti achotse zida zawo.

AGOGO: Mphindi khumi. Mzimu wa munthu wauyamba ulendo kuchokera kutali, usanafike n'komwe pa Jenda, inu mwazimitsa magetsi. Vimbuza amayamba nkhuku zitalowa, kumaliza tambala atalira. Woimba ng'oma satsata pepala, amayang'ana mapazi a wodwala. Akaona kuti nyimbo iyi siikumugwira, amasintha, kufunafuna mpaka apeze ya mzimu umene wabwerawo. Akakhala vyanusi, a Chingoni, amafuna zawo, ena mpaka mkondo m'manja. Virombo nawo zawo.

WEZI: Koma agogo, inu si a Umanyano? Zonsezi mukuzidziwa bwanji?

AGOGO: Ndinkangomva kutali. Mphepo ya kuno imanyamula mawu.

WEZI: Mphepo inakuonetsaninso mkondo?

AGOGO: Sankha nyemba, usandifunse ngati wapolisi.

WEZI: Chabwino. Koma dziwani kuti vimbuza pano ndi chuma cha dziko lonse lapansi. A UNESCO anavomereza mu 2005, pamodzi ndi gule wamkulu. Tchopa ya Alhomwe inalowa mu 2014. Ku MUST, ku Thyolo, kuli digiri yonse ya nyimbo za mu Africa.

AGOGO: A UNESCO akewo anadwalapo?

WEZI: Ndi bungwe, lili ku Paris.

AGOGO: Ndiye lavomereza bwanji mankhwala amene silinamwepo? Kaya. Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa, koma mutu wometedwawo ndi wathu.

WEZI: Chimene ndikufuna mumvetse n'chakuti ife ndi m'badwo woyamba kuika nyimbo za Azungu ndi zathu pa nsanja imodzi. Kale zinali kosiyana, izi kutchalitchi, izi kubwalo.

AGOGO: Woyamba! Tamumvani tambala wa dzulo, akuti dzuwa analiyambitsa ndi iye. Ku Embangweni unafikako?

WEZI: Ndinabadwira pachipatala pomwepo.

AGOGO: Unangobadwirapo, sunamvepo kanthu. Mzungu uja Fraser, pa Loudon paja...

WEZI: Donald Fraser. Anasamukirako mu 1902 kuchokera ku Hora. Tinaphunzira.

AGOGO: Iwe sunga chaka, ine ndisunga nyimbo. Fraser ankaitanitsa mpikisano, anthu kubwera ndi nyimbo zopeka okha. A Mawelera Tembo a ku Njuyu, a Peter Thole, pambuyo pake a Charles Chinula, anatenga maimbidwe a Chingoni, ena a kunkhondo enieni, n'kuwaveka mawu a Mulungu. Mmodzi atsogola, mpingo wonse uvomera, pansi pakunjenjemera. Zili mu Sumu za Ukristu mpaka lero, tsamba ili ya ku Scotland, tsamba linalo ya kwathu. Timaimba Lamulungu lililonse, opanda kulipira fizi. Ndiye iwe wapita mpaka ku Zomba, basi ziwiri, kukapeza chimene unachisiya pansi pa pilo yanga.

WEZI: Komabe ife timazisanthula. Timadziwa chifukwa chake mawu akugwirizana.

AGOGO: Nanga ingoma munavina?

WEZI: Chaka chatha. Ine ndinali pa ng'oma.

AGOGO: Pa chiyani?

WEZI: Pa ng'oma. Kuti anthu asasokoneze sitepe.

AGOGO: Tseka pakamwa, anthu akudutsa pamsewu. Ingoma ya kwa M'mbelwa inayamba liti kufuna ng'oma? Phazi ndi nthaka, chishango ndi nthonga, amayi m'manja ndi nthungululu, basi. Ukakanene zimenezo ku Hora pa Umthetho mu Ogasiti, madoda akakulipiritsa mbuzi, ndipo ine ndikati sindikukudziwa, ndiwe mwana wa alendo a ku resitihausi.

WEZI: Pansi pa holo paja ndi matabwa, agogo. Tikanaponda mwamphamvu tikanathyola.

AGOGO: Ndiye gule woopa pansi! Gule ndi wa aliyense, kulakwa n'kuthyola mwendo. Za kuthyola thabwa makolo sananene.

WEZI: Tsobola wakale sawawa, agogo. Dziko lasintha. Wambali Mkandawire anasakaniza jazi ndi nyimbo za Chitumbuka, mpaka ku South Africa anamuombera m'manja.

AGOGO: Malemu Wambali ndiwasiye, ameneyo ankaimba munthu n'kusiya kutakasa nsima. Koma iye anayamba wamvera agogo ake, jaziyo inamupeza ali wokhuta kale. Iwe tsobola wakale unamulawa liti? Taimirira.

WEZI: Ndiimirire?

AGOGO: Bondo langali landivuta kuyambira nthawi yokolola. Ku chipatala cha boma andipatsa panado. Pakhomo pano pali munthu wa 62. Vina, tione ngati litsike.

WEZI: Pano? Masana ano? Anthu a kumsika akuona.

AGOGO: Mu Gireti Holo munalibe anthu? Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndikuombera m'manja ine.

(Wezi avula nsapato, awerenga chamumtima, ayamba kugwedeza mapewa. Mwana wa pakhomo loyandikana aitana anzake. Nkhuku ichoka pakhonde.)

AGOGO: Imani, imani, amuna anga. Pakamwa pakuyenda chiyani? Ukupemphera?

WEZI: Ndikuwerenga mabiti.

AGOGO: Mzimu ukabwera udzakupeza uli pa samu. Mapewa ali bwino, amenewo ndi a kwathu, sanakupatse ndi a dokotala. Koma m'chiunomu mwauma, ndipo mapazi akupepesa nthaka. Aphunzitsi akowo ndi munthu wachifundo kwambiri.

WEZI: Nanga bondo?

AGOGO: Layamba linalo. Khala pansi. Malikisi 38 otsalawo ndikuphunzitsa ine, madzulo alionse mpaka sukulu itsegulire, koma kuseri kwa nkhokwe, a Umanyano asaone. Fizi yake ndi shuga mapaketi awiri ndi buledi.

WEZI: Ndilibe ndalama, agogo.

AGOGO: Kagulitse Beethoven. Sakamva.